Chilonda cha bambo sichinkapola chifukwa magazi sankafika kuphazi

Bambo anga ali ndi zaka 69, ndipo akhala ndi matenda a shuga kwa zaka zoposa 15. Lero akuyenda ndi miyendo yawo yonse iwiri, ngakhale kuti phazi lakumanzere latsala ndi zala zitatu. Ndikulemba izi poganizira inu amene muli ndi m'bale wodwala shuga yemwe ali ndi chilonda kuphazi, ndipo mwatopa ndi kutsuka, kumanga ndi kumwetsa mankhwala koma chilonda chili chomwecho. Pali funso limodzi lomwe ndikufuna mupite nalo kuchipatala: kodi magazi akufika kuphazi limeneli? Kwa ife, yankho la funsoli ndi lomwe linatembenuza chithandizo chonse.

Vuto linayamba kale chilonda chisanabwere. Bambo ankadandaula kuti akayenda kamtunda akatumba ankawapweteka ngati akukokana, akaima pang'ono n'kusiya, akayambanso kuyenda ululu n'kubwerera. Iwo ankati ndi ukalamba. Patapita nthawi anasiya kudandaula, osati chifukwa anachira ayi, anangochepetsa kuyenda. Mapazi anayamba kuchita dzanzi, cheya cha m'miyendo chinathothoka, khungu linauma n'kumanyezimira, zikhadabo n'kukhuthala. Chilichonse mwa zimenezi pachokha chinkaoneka chaching'ono.

Chilonda chinayambira pachala chachikulu, pomwe nsapato inkawakhula. Iwo sanamve kanthu, anangoona magazi pasokosi. Kuchipatala komwe tinayambira anatsuka, anamanga, anapereka mankhwala opha tizilombo. Atatha anapatsidwa ena. Milungu inadutsa, chilonda osatseka. M'malo mofiira ndi kutulutsa mnofu watsopano chinkangoyera, m'mbali mwake mukuda. Kenaka chala chachiwiri chinayamba kusintha mtundu.

Nthawi yomweyo usiku unasanduka chilango. Akangogona n'kutambasula miyendo, zala zinkayaka moto. Ankadzuka n'kulendewetsa mwendo m'mphepete mwa bedi, ululu n'kuchepa. Pamapeto pake anasiyiratu bedi n'kumagona pampando. "Mwana wanga, ndisiye pomwe pano, apa ndiye ndikupezako tulo," ankatero.

Namwino wina wachikulire ndi amene anagwira mutu wa nkhani. Akumasula bandeji anafunsa kuti, "Bambo, usiku mumagona bwanji?" Atamva za mpando uja anasiya zomwe ankachita. Anagwira pamwamba pa phazi, n'kugwiranso kuseri kwa kakolo cham'kati, malo awiri omwe kugunda kwa mtsempha kumamveka. Sanamve kanthu. Anakweza mwendo m'mwamba, phazi linayera mbuu. Atautsitsa linafiira modera pang'onopang'ono. Analikhudza ndi kuseri kwa dzanja, lozizira kuposa linzake. Tsiku lomwelo tinalemberedwa kalata yopita kwa dokotala wa mitsempha ya magazi.

Zomwe adokotalawo anatifotokozera ndi izi. Shuga akakhala wokwera kwa zaka amawononga mitsempha yomwe imachotsa magazi kumtima kupita nawo kumiyendo. Mafuta amamatirira m'kati, njira n'kumachepa, mwina mpaka kutsekeka. Kwa anthu a shuga vutoli limakonda mitsempha itatu ya kumunsi kwa bondo, yomwe ndi yaing'ono kale, ndipo imatha kutsekeka kamtunda kotalika. Magazi akachepa kwambiri moti phazi likuwawa munthu ali chikhalire, kapena chilonda chadutsa milungu iwiri osapola, kapena chala chayamba kufa, ndiye kuti mwendowo uli pangozi. M'mapepala a bambo analemba kuti CLTI, ndipo madokotala ena amalembabe dzina lakale loti CLI. Kugona pampando kuja kunkathandiza chifukwa mwendo ukalendewera magazi ochepawo amatsika mosavutirapo.

"Dimba likatsekeredwa ngalande, ngakhale muthire manyowa otani mbewu sizidzuka," anatero adokotala. Mankhwala opha tizilombo amayenda ndi magazi. Mpweya ndi zomangira mnofu zimayendanso ndi magazi. Ndiye bandeji ndi mapiritsi onse aja analibe podzera.

Chomwe chinandiopsa kwambiri ndi choti bambo anali ndi mwayi pomva ululu. Odwala shuga ambiri minyewa yawo yomvera ululu ya m'mapazi imakhala itafa, moti samva kukoka kwa akatumba ngakhale moto wa usiku uja. Chizindikiro chawo choyamba chimakhala chilonda chosapola kapena chala chakuda. Mwa odwala shuga omwe ali ndi chilonda kuphazi, pafupifupi theka amapezekanso ndi vuto la mitsempha ya magazi. Choncho kusamva kuwawa si umboni woti magazi akuyenda.

Pa zoyeza pali msampha womwe ndikufuna muudziwe bwino. Kuyeza koyamba kumatchedwa ABI: amamanga lamba woyezera BP pakakolo ndi pamkono, amamvetsera kuyenda kwa magazi ndi kachipangizo kotchedwa Doppler, n'kuyerekeza manambala awiriwo. Nambala ikatsika kuposa 0.9 ndiye kuti mitsempha yachepa. Ya bambo inatuluka 1.4. Ine ndinasangalala, ndikuganiza kuti ndi yapamwamba. Adokotala anapukusa mutu. Anati kwa anthu a shuga, makamaka omwe impso zawo zafookanso, makoma a mitsempha amalowa kashiamu n'kulimba gwa, moti lamba amalephera kuifinya. Makina amapereka nambala yokwera pomwe m'kati magazi akungodontha. Nambala yopitirira 1.3 siyenera kukhulupiriridwa. Anatenga kalamba kakang'ono n'kuyeza pachala, chifukwa timitsempha ta m'zala sitiuma kawirikawiri. Apo mphamvu ya magazi inali 24 mmHg (muyezo womwe amayezera BP). Ikatsika kuposa 30 chilonda nthawi zambiri sichipola chokha, ndipo mitsempha iyenera kujambulidwa mwamsanga. Ngati m'bale wanu wauzidwa kuti ABI ili bwino koma phazi ndi lozizira ndipo chilonda sichikusuntha, funsani za kuyeza pachala. Pena amayezanso mpweya womwe ukufika pakhungu. Komwe zipangizozi kulibe, phokoso la Doppler lokha limamuuza zambiri munthu wodziwa kulimvetsera.

Adokotala anati amayang'ana zinthu zitatu pamodzi: kukula ndi kuzama kwa chilonda, kuchepa kwa magazi, ndi tizilombo ngati talowa. Njira yowerengera zitatuzi amaitcha WIfI, ndipo inayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2014. Kwa bambo magazi anali ochepa kwambiri, chilonda chachikulu ndithu, koma tizilombo tinali tisanafalikire. Zimenezi zinapereka mpata wokonza kaye mitsempha.

Ine ndinkafuna achotse chala chakudacho tsiku lomwelo. Anakana. Chala chikauma n'kuda popanda mafinya kapena fungo, amachisiya chouma mpaka magazi atabwezeretsedwa, chifukwa kudula pamalo opanda magazi kumasiya bala lalikulu lomwe silipolanso, ndipo kudula kumangokwera m'mwamba. Koma phazi likatupa, likamatentha, likamanunkha kapena kutulutsa mafinya, kapena munthu akayamba kutentha thupi ndipo shuga wakana kutsika, dongosolo limatembenuka. Apo amayamba ndi kutsegula ndi kuchotsa zowola popanda kudikira, mitsempha n'kutsatira pambuyo. Podikira tinauzidwa zoletsedwa: kuviika phazi m'madzi, kuliwotha kapena kuyikapo botolo la madzi otentha, kulimanga mothina, kulisanjika pamapilo okwera, kudula zikhadabo kapena khungu lolimba tokha. Phazi lozizira limakopa munthu kuti alitenthetse, koma khungu lopanda magazi okwanira limapsa msanga, ndipo mwini wake samva.

Anayamba ndi sikani ya duplex, yomwe imaonetsa momwe magazi akuyendera m'mitsempha ndipo sipweteka, kenaka CT yoonetsa mitsempha. Pa CT amabaya mankhwala oonetsa njira ya magazi, ndipo mankhwalawo amatha kulemetsa impso. Anayeza kaye impso za bambo, anazipeza zofookerapo, ndiye anawaimitsa mankhwala a shuga a metformin kwa masiku awiri ozungulira kujambulako n'kuwapatsa madzi okwanira. Nenani nokha mankhwala onse omwe wodwala akumwa, musadikire kufunsidwa. Chithunzi chinaonetsa kuti mtsempha wa m'ntchafu wachepa chapafupi ndi bondo, ndipo mwa itatu ya kumunsi iwiri inali yotsekeka, wachitatu wangotsala kanjira.

Njira zobwezeretsera magazi zilipo ziwiri zikuluzikulu, ndipo apa ndi pomwe tinakhalitsa pokambirana. Yoyamba ndi angioplasty: amalowetsa kawaya ndi kachubu kudzera m'mphechepeche, amadutsa pomwe patsekeka, n'kupopa kabaluni kofutukula njira. Pena amasiyamo stent, kachubu kawaya kogwira makoma kuti asabwererane. Yachiwiri ndi opaleshoni ya bypass: amatenga mtsempha wautali wa pansi pa khungu, womwe umayenda cham'kati mwa mwendo kuchokera kukakolo kufika m'mphechepeche, n'kuulumikiza kuti magazi alambalale malo otsekeka. Bypass ndi opaleshoni yaikulu, imafuna mtima ndi mapapo zolimba, koma mtsemphawo ukakhala wabwino imakhalitsa. Angioplasty ndi yopepuka, munthu sagonekedwa tulo, koma kumunsi kwa bondo njira imakonda kuchepanso.

Ndinafunsa kuti yabwino ndi iti. Adokotala anatchula kafukufuku awiri omwe pambuyo pake ndinakawerenga ndekha. Wa BEST-CLI, womwe zotsatira zake zinatuluka mu 2022, unatsatira odwala 1,830, ambiri mwa iwo a shuga. Mwa omwe anali ndi mtsempha wabwino wolumikizira, pafupifupi 43 pa 100 alionse omwe anayamba ndi bypass anadzafuna opaleshoni ina yaikulu, kudulidwa mwendo kapena kumwalira, pomwe kwa omwe anayamba ndi njira ya kachubu anali pafupifupi 57. Wa BASIL-2, womwe unatuluka mu 2023 ndi odwala 345 ofunika kukonzedwa mitsempha ya kumunsi kwa bondo, unapeza kuti omwe anayamba ndi kachubu ndi omwe zinawayendera bwinoko. Kwa ine phunziro linali loti yankho limatengera munthu wake: pomwe patsekeka, kutalika kwake, mtsempha wolumikizira ngati ulipo, ndi mphamvu za mtima. Dokotala amene akunena njira imodzi asanayang'ane zonsezi ayenera kufunsidwa mafunso ena.

Mtsempha wolumikizira wa bambo ataujambula unapezeka wochepa, ndipo mtima wawo sunali wolimba mokwanira. Anasankha angioplasty. Bambo anachita mantha, akuganiza kuti akufuna kuyeserera pa iwo njira yatsopano. Adokotala anawauza modekha kuti njirayi inayamba mu 1964, pomwe dokotala Charles Dotter ku Oregon, ku America, anatsegula mtsempha wa mwendo wa mayi wa zaka 82 yemwe anakana kudulidwa, ndipo mayiyo anayendanso ndi mwendo wake. Bambo anakhala chete kanthawi, n'kufunsa kuti asayine pati.

Anangowabaya mankhwala ochititsa dzanzi m'mphechepeche. Iwo akuti chomwe chinawawa ndi nthawi yopopa kabaluni, ululu wokoka kwa mphindi zochepa. Anatsegula wa m'ntchafu uja ndi umodzi mwa ya kumunsi, womwe umapita molunjika kudera la chala chachikulu. Atatuluka anagona chagada kwa maola angapo osapinda mwendo kuti pobayapo patseke. Madzulo ake ndinakhudza phazi, linali lofunda. Usiku umenewo anagona pabedi.

Chomwe chingakudzidzimutseni ndi choti phazi limatupa magazi akabwerera, ndipo pena limabaya kwa masiku angapo. Tinauzidwa kuti zimenezi zimachitika, koma anamwino ankaliyang'anabe pafupipafupi pamodzi ndi pobaya paja, chifukwa pamenepo magazi amatha kutuluka m'kati. Atayezanso pachala chomwe chinali chamoyo, mphamvu ya magazi inali itakwera kupitirira 50. Apo ndi pomwe anachotsa zala ziwiri zomwe zinafa. Fupa la chala chachikulu linali litalowa tizilombo, ndiye bambo anapitiriza mankhwala opha tizilombo kwa kanthawi, ulendo uno osankhidwa potengera zomwe labu inapeza pamnofu womwe anachotsa.

Ndinalira nditaona phazi lopanda zala ziwiri. Bambo ndi omwe anandilimbitsa. "Chidendene ndili nacho, bondo ndili nalo. Ukulira chiyani?"

Kupola kunatenga miyezi. Chovuta koposa chinali kusaponda pabala. Munthu amene samva kuwawa amaiwala, amangodzuka n'kuponda, ndipo kuponda kochepako kumaphwanya mnofu womwe wamera sabata yonse. Anapatsidwa nsapato yapadera yochotsa kulemera kutsogolo kwa phazi, ndipo tinauzidwa kuti aivale ngakhale popita kubafa usiku. Pogona tinkaika pilo pansi pa katumba kuti chidendene chisakhudze matiresi, chifukwa ambiri amachira chala n'kutulutsa chilonda china kuchidendene. Shuga anawasinthira ku insulini panthawiyi. Cholinga chinali choti atsike popanda kugwa kwambiri, poti kwa munthu wachikulire wamtima wofooka shuga wotsikitsa ndi woopsanso.

Pa mankhwala, adokotala ananena mawu omwe sindinawayembekezere: kuti ambiri mwa odwala vutoli samwalira ndi mwendo, amamwalira ndi mtima kapena sitiroko, chifukwa zomwe zatseka mitsempha ya mwendo zilinso m'mitsempha ina. Bambo anayamba kumwa atorvastatin wamphamvu wochepetsa mafuta m'magazi, ngakhale kuti nambala yawo ya mafuta sinali yoopsa. Anapitiriza a BP. Anapatsidwa aspirin wochepa pamodzi ndi rivaroxaban wa 2.5 mg kawiri patsiku, onse oteteza magazi kuundana, kuphatikiza komwe kafukufuku wa VOYAGER PAD mu 2020 anaonetsa kuti kumachepetsa kutsekekanso kwadzidzidzi pambuyo pokonza mitsempha ya mwendo. Mankhwalawa amawonjezera ngozi yotaya magazi, choncho si a aliyense; ena amapatsidwa clopidogrel, yemwenso amateteza magazi kuundana. Tinauzidwa kuyang'anira chimbudzi chakuda, magazi m'mkodzo kapena kutuluka magazi m'mphuno kosasiya, komanso kupewa mankhwala a ululu ngati ibuprofen ndi diclofenac, omwe amawononga impso n'kuwonjezera kutaya magazi.

Ndiye panali fodya. Bambo anasuta kuyambira unyamata, ndipo panthawiyi ankati achepetsa. Adokotala sanawanyengerere. Anati ntchito yonse yomwe agwira m'mwendomo ikhoza kufafanizika ndi ndudu zochepazo. Kusiya kunawavuta kwambiri, ankakwiya ndi zinthu zazing'ono, tulo tinkasowa. Anathandizidwa ndi timapepala ta nicotine tomata pakhungu. Tsiku lina ndinawapeza akununkhiza paketi yopanda kanthu. "Ababa, mwendo uja taulimbanira limodzi," ndinatero. Anaitaya okha.

Chaka chisanathe phazi linayambanso kuzizira, ndipo bala lomwe linatsala pang'ono kutseka linaima. Duplex inaonetsa kuti mtsempha wa kumunsi uja wachepanso. Anabwerezanso kabaluni, bala n'kutseka. Ndikunena izi kuti musataye mtima zikakuchitikirani, komanso kuti musamajombe masiku okaonedwa. Adokotala anati chofunika kwambiri ndi choti njira ikhale yotseguka nthawi yonse yomwe bala likupola, chifukwa khungu lotseka limafuna magazi ochepa kusiyana ndi bala lomwe likumanga mnofu.

Sindingakuuzeni kuti mwendo uliwonse ungapulumuke. M'wodi munali bambo wina yemwe phazi lake linawola mpaka kuchidendene, ndipo mitsempha yake inalibe pomwe akanalumikiza. Anamudula kumunsi kwa bondo. Mkazi wake anandiuza kuti kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri mwamuna wake akugona ndipo akudya. Kwa iye kudula kunali chithandizo chenicheni, ndipo kusunga bondo kunam'patsa mwayi waukulu wodzayenda ndi mwendo woikirira. Tizilombo tikafalikira n'kuopseza moyo, palibe nthawi yodikira. Chomwe sindigwirizana nacho ndi kudula mwendo wa munthu pomwe nthawi ilipo, mitsempha yake isanajambulidwe ndiponso wodziwa za mitsempha asanaione. Si chipatala chilichonse chomwe chili ndi dokotala wotere, ndipo ndikudziwa kuti kutumizidwa kwina kumalemera. Komabe funsani ngati kuli komwe angakutumizeni, ndipo funsani chilonda chikadali chaching'ono. Malangizo a akatswiri a mapazi a odwala shuga amati chilonda chikatha milungu 4 mpaka 6 chikusamalidwa bwino koma osasintha, mitsempha iyang'anidwenso ngakhale zoyeza zoyamba zinaoneka zabwino.

Musamve za mankhwala odzola, zakumwa kapena timakina tomwe akuti timasungunula zotseka m'mitsempha. Achibale ofuna kuthandiza anatibweretsera zambiri zotere. Palibe chodzola chomwe chingatsegule mtsempha wolimba ndi kashiamu, ndipo milungu yomwe imatayika poyesa zimenezi ndi yomwe chala chakuda chimasandukira phazi lakuda.

Masiku ano madzulo alionse timayang'ana mapazi onse awiri pamalo owala, pansi pake, pakati pa zala ndi kuchidendene. Bambo amapisa dzanja m'nsapato asanavale, sayenda opanda nsapato ngakhale m'nyumba, ndipo madzi osamba amayesa ndi chigongono. Mafuta amadzola pakhungu louma koma osati pakati pa zala. Phazi lakumanja nalo magazi ake ndi ochepa, koma lilibe chilonda ndipo siliwawa usiku, ndiye adokotala anati salikhudza pakadali pano. Bala litapola anawalola kuyenda tsiku lililonse, kupuma ululu ukayamba, n'kupitirizanso, chifukwa kuyenda kotere kumathandiza munthu kufika patali asanamve kuwawa.

Pali chinthu chimodzi chomwe anatiuza kuti sichidikira tsiku la kiliniki. Mwendo ukangozizira mwadzidzidzi, n'kuyera kapena kuchita mawanga, n'kuwawa kwambiri kapena kufa dzanzi, zala osagwedezeka, ndiye kuti mtsempha watsekeka kotheratu, mwina ndi magazi oundana. Zikatero madokotala amakhala ndi maola pafupifupi 6 okha minofu isanayambe kufa. Tinauzidwa kupita molunjika kuchipatala chomwe chili ndi dokotala wa mitsempha, ngakhale pakati pa usiku, titanyamula mapepala a masikani ndi mndandanda wa mankhwala onse omwe bambo akumwa.